Wailesi ya Zuze

Madzi atafika m'chiuno usiku uja
ena anasenza ana, ena ufa, ena ziphaso.
Zuze anasenza wailesi.
Anaikulunga m'majumbo awiri,
naiika pamutu ngati dengu la mazira,
mbuzi yake ya bere ikulira pachikhomo.
Dominga sanamuyankhule
kuyambira pa Bereu mpaka pasukulu.

Tinadzaza kalasi ya Sitandade 4,
ife, udzudzu, ndi fungo la zovala zosauma.
Magetsi anali atapita ndi Kapichira.
Mafoni anafa imodziimodzi ngati nkhuku za chitopa.
Pabolodi panatsala samu ya Lachisanu
yomwe palibe anaiyankha.

Lachiwiri usiku Zuze anamasula majumbo ake.
Analuma mabatire kuti akumbuke ntchito,
nakokera waya kuwindo.
Choyamba kunamveka mvula.
Ngakhale m'wailesi munali mvula.
Kenako mawu, ochokera ku Cameroon,
oonda ngati adutsa m'bango:
anyamata athu alowa, Morocco yalowa.

Ine ndinalibe nyumba yoti ndiiganizire.
Mapira anga anali pansi pa mchenga wa Mwanza.
Ndinasendera pafupi.

Bizeki asanamalize n'komwe kupichira fodya wake
woulutsa uja anang'ambika pakhosi.
Akuti mpira wachoka kutali,
kutali koti munthu wanzeru sangayese,
wadutsa pamutu pa goloboyi
ngati kakowa wobwerera kudambo.

Tinakuwa.
Malata anakuwa nafe.
Mayi wina amene anagona pakona
anadzambatuka, natola mwana wake chadodolido,
nathamangira kukhomo akufuula kuti abweranso, madzi abweranso!
Tinamugwira mkono tikuseka,
iye akunjenjemera,
ndipo kuseka kwathu kunafupika.
Ayi mayi, ndi chigoli.
Cha ndani?
Chathu.
Anatiyang'ana nthawi yaitali
ngati anthu amene tatola chinthu chosadyeka,
nabwerera pachiguduli chake.

Mwana wa Jowaki anapeza kachoko pansi pa desiki,
nakwera pampando, nalemba pamwamba pa samu ija:
Malawi 1, Morocco 0.
Ziro wake anali wamkulu ngati dzungu.

Zotsala mukuzidziwa.
Anabweza ndi mutu tisanapume,
nawonjezera china usiku utakula.
Koma chachiwiricho ife tinachimva mwa theka,
mabatire anali akutha,
woulutsa akumira pang'onopang'ono,
Zuze atakanikiza khutu pa sipika
ngati namwino womvera mtima wa wodwala.
Anadzuka, nazima yekha.
Palibe anafunsa.
Kunja achule anapitiriza ndemanga zawo.

Mumdimamo ndinamva Dominga akuti,
mbuzi ija ikanabereka awiri.
Zuze anati, ndikudziwa.
Patapita nthawi anatinso,
koma wamva mmene unalowera?
Ndipo Dominga, amene sadziwa ngakhale kona,
anati ndamva, gona.

Tinakhala m'kalasimo masabata asanu.
Anabwera a magalimoto oyera kudzatiwerenga,
anabwera a nyemba ndi mapepala apulasitiki,
wina analemba maina athu molakwika kawiri.
Aliyense wolowa ankayang'ana pabolodi,
ena ankatsegula pakamwa kuti atikonze,
kenako ankaona mapazi athu
n'kusiya.

Palibe anafufuta.
Sikuti sitinkadziwa kuwerenga.
Mtsinje unali utatenga kale zokwanira mwezi umenewo.

Lero Zuze akudulanso nzimbe ku Nchalo.
Wailesi inafa chaka chatha, ili padenga la khola,
mukhola muli mbuzi ina, ya ngongole.
Mwana wa Jowaki ali Fomu 1,
amati sakumbukira zokwera pampando.
Ine ndikadutsa pasukulupo ndi njinga
ndimasuzumira pawindo.
Bolodi analipaka utoto watsopano.
Koma dzuwa la kuno, lomwe silikhululuka kanthu,
likapendeka cha m'ma folo,
pamwamba kudzanja lamanja
pamaoneka kamzere kozungulira,
kakakulu ngati dzungu.